Mwana wanga amameza mankhwala otsukira mano, kodi ndipitirize kumugulira a fluoride wochepa?

"Adokotala, ndine mayi wa ana awiri ndipo ndimakhala ku Chilomoni mumzinda wa Blantyre. Wamng'onoyo ndi wamkazi, ali ndi zaka 2 ndi miyezi 4. Chimerereni mano ndimamugulira mankhwala otsukira mano a ana, aja otsekemera okhala ndi zithunzi za tinyama pachubu. Pachubupo analembapo 500 ppm. Mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg atabwera pa Khirisimasi anandiuza kuti ndikungotaya ndalama, akuti mankhwala amenewa ndi ofooka, ndizingomuikira omwe timatsukira akuluakulufe. Koma ine ndili ndi mantha chifukwa mwanayu sadziwa kulavula, amangomeza. Bambo ake anakulira ku Nathenje ndipo mano awo ali ndi mawanga ofiirira, akuti ndi fluoride wa m'madzi a kumeneko. Tsopano ndaona timizere toyera ngati choko pa mano ake akutsogolo am'mwamba, kufupi ndi usinini. Kodi fluoride wayamba kale kumuwononga? Apongozi anga akuti ndisadzivute, mano amenewa adzaguluka okha. Ndimve ziti?"

Mayi, zikomo polemba, ndipo mtima ukhale m'malo. Palibe chimene chawonongeka chosatheka kukonza. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikusuzumira m'kamwa mwa ana, ndi makolo ochepa kwambiri amene amakweza mlomo wa mwana n'kuona timizere toyerato tisanasanduke zibowo. Ambiri amatipeza mwana atatha masiku atatu osagona, tsaya litatupa, ndipo pamenepo chotsala chimakhala kuzula basi. Inu mwafunsa nthawi idakalipo.

Ndiyambe ndi mlamu wanuyo. Mawu oti mukutaya ndalama ndi olasa, koma mfundo yake ndi yoona. Nawonso mantha anu ali ndi pogwira. Chimene chimasokoneza makolo ambiri n'chakuti pa nkhani ya fluoride, chinthu chimene amathira m'mankhwalawa kuti chilimbitse mano, pali zinthu ziwiri zosiyana zimene timaziphatikiza ngati chimodzi. China ndi mphamvu ya mankhwalawo, yomwe ndi nambala ija ya ppm. China ndi kuchuluka kwa mankhwala amene mwafinyira pamswachi. Dzino limatetezedwa ndi mphamvuyo. Zopita m'mimba zimadalira kuchulukako. Ndiye ngati mwana amameza, pochepetsa ndi pofinyapo, osati pa mphamvu.

Nambala ija siyovuta. Mankhwala a 1000 ppm ndiye kuti mu galamu imodzi muli miligalamu imodzi ya fluoride. A 500 ppm ali ndi theka lake. Omwe akuluakulu timatsukira, ambiri amakhala pakati pa 1000 ndi 1500, ndipo nambala imene mudzaione kawirikawiri ndi 1450. Tsono tiyeni tiwerengere limodzi. Kadontho kofanana ndi njere ya mpunga kamalemera pafupifupi magalamu 0.1. Mukaika kadontho kotero ka mankhwala a 1000 ppm, ngakhale mwana atameza konse, walowetsa mamiligalamu 0.1. Koma mankhwala otsekemera aja, poti timawaona ngati osaopsa, timafinya modzaza mswachi wonse, zomwe mosavuta zimakwana theka la galamu. Theka la galamu la 500 ppm ndi mamiligalamu 0.25. Mwaona? Mwana wa mankhwala ofookawo wameza fluoride woposa kawiri poyerekeza ndi mnzake wa njere ya mpunga uja, pomwe mano ake alandira chitetezo chochepa. Komanso poti amakoma ngati switi, mwana amanyambita mswachi n'kumapempha ena. Ndaonapo ana oba chubu n'kukabisala nacho kuseri kwa chitseko.

Izi si maganizo anga ndekha. Gulu la Cochrane, lomwe ntchito yake ndi kusonkhanitsa kafukufuku wa m'mayiko ambiri n'kumusanthula pamodzi, linayang'ana nkhaniyi mu 2010 ndiponso mu 2019. Linapeza umboni womveka woti mankhwala a 1000 ppm kupita m'mwamba amachepetsa kuwola kwa mano, pomwe pa mankhwala a 500 ppm kapena ochepera apo umboni wotere sunaoneke bwino. Ku Britain malangizo a boma amati mwana wosakwana zaka 3 azipakiridwa pang'ono chabe mankhwala osachepera 1000 ppm, ndipo wa zaka 3 mpaka 6 aziikiridwa kadontho kokulirapo. Ku America bungwe la madokotala a mano linasintha malangizo ake mu 2014, n'kuyamba kunena kuti fluoride ayambike dzino loyamba likangotuluka, muyezo wake njere ya mpunga. Mu 2021 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaika mankhwala otsukira mano a pakati pa 1000 ndi 1500 ppm pamndandanda wa mankhwala ofunikira amene dziko lililonse liyenera kukhala nawo.

Kuti ndisakubisireni, si mayiko onse amene amayankhula chimodzimodzi. Ku Australia amalangizabe kuti ana a pakati pa miyezi 18 ndi zaka 5 azigwiritsa ntchito a 500 mpaka 550 ppm. Koma kumeneko anthu ambiri amamwa madzi a pampopi othiridwa kale fluoride mwadala ndi pamuyezo wake, ndipo ngakhale iwowo, mwana akaoneka kuti mano ayamba kuwola, dokotala amamukwezera pa mankhwala amphamvu. Mwana wanu zizindikiro zoyamba zaoneka kale. Kwa iye, ine sindingazengereze.

Kuti mumvetse chifukwa chake mphamvu ili yofunika, onani zimene zimachitika pa dzino tsiku lililonse. M'kamwa mwa munthu aliyense muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timamata pa mano ngati kautoto koterera. Mukakanda dzino la mwana ndi chikhadabo m'mawa, zoyera zofewa zimene zimatsalira pachikhadabozo ndi zomwezo. Tizilomboti tikapeza shuga timadya, n'kutulutsa asidi. Asidiyo amasungunula pang'onopang'ono chikuto cholimba cha kunja kwa dzino. Pakapita mphindi 30 kapena kuposerapo, malovu amatsuka asidi uja n'kuyamba kubwezera michere imene inachoka. Ndiye tsiku lonse dzino limakhala likukokedwa uku ndi uku, kwina likusungunuka, kwina likumatidwanso. Fluoride akakhala m'malovu ndi pa dzinopo amafulumizitsa kumatako, ndipo pomwe wamatapo pamalimba kuposa kale, asidi sapalowa msanga. Ntchito yake yaikulu amaigwira ali kunja, pokhudza dzino, osati ali m'mimba. Mano oyamba a mwana chikuto chawo n'chopyapyala kuposa cha mano a munthu wamkulu, n'chifukwa chake kabowo kakangoyamba kamathamanga kukafika pa mtsempha m'miyezi yochepa.

Tsopano timizere toyera tija. Sindinamuone mwanayo, choncho mukamuonetse, koma momwe mwafotokozeramu, toyera ngati choko, pa mano akutsogolo am'mwamba, motsatira m'mphepete mwa usinini, chimenecho ndi chithunzi cha kuwola kumene kwangoyamba. Si fluoride wochuluka ayi. Mawanga a fluoride amapangika dzino likadali m'kati mwa nsagwada, ndipo dzino limatuluka nawo. Dzino limene linamera loyera bwino silingadzachite mawanga a fluoride pambuyo pake, ngakhale mwana atameza mankhwala otani. Komanso mano oyambawa amapangika mwana ali m'mimba ndi m'chaka chake choyamba, nthawi imene sanayambe n'komwe kumeza mankhwala otsukira mano. Ngati timizereto simunkationa kale ndipo taoneka posachedwa, ndi asidi amene akudya pamenepo. Malo amenewo ndi pomwe mkaka, tiyi ndi Sobo zimakhazikika pansi pa mlomo wam'mwamba, ndipo malovu safikapo ambiri.

Chosangalatsa n'chakuti pa msinkhu umenewu dzino limatha kuchira. Pamwamba pake sipanabooke. Mukamapatsuka bwino ndi mankhwala a mphamvu yokwanira, n'kuchepetsa shuga, pamalimbanso. Chibowo chikatseguka ndiye sichidzitsekanso chokha.

Za mano a bambo akewo, mantha anu ndikuwamva, ndipo nthawi yake ndi ino ndithu. Mano akutsogolo amene mwana wanu adzamwetulire nawo moyo wake wonse akuumbika m'nsagwada panopa, ndipo zaka zitatu zoyambirira ndi zomwe amagwidwa mawanga mosavuta. Pofika zaka 8 chiopsezocho chimakhala chatha. Koma tisiyanitse magwero ake. Mawanga ofiirira ngati a bambowo amabwera ndi madzi akumwa, tsiku ndi tsiku, kwa zaka. Nkhani yonse ya fluoride inayambiranso pa mawanga omwewa. Mu 1901 dokotala wa mano Frederick McKay atafika ku Colorado Springs ku America anadabwa kuona anthu ambiri a mano ofiirira, koma osawola kwenikweni. Panapita zaka 30 kuti zidziwike kuti chochititsa ndi fluoride wa m'madzi, ndipo mu 1945 mzinda wa Grand Rapids unayamba kuthira fluoride wochepa m'madzi ake pofuna chitetezocho popanda mawangawo. Kwathu kuno ofufuza anapeza kuti mijigo ndi zitsime zina za ku Nathenje, komanso m'madera ena a Machinga, Chikwawa ndi Nsanje, zili ndi fluoride wopitirira mamiligalamu 1.5 pa lita, omwe ndi malire a WHO. Amachokera m'miyala ya pansi pa nthaka, si kuti wina anathiramo.

Tiyerekeze mjigo wa mamiligalamu 3 pa lita. Mwana womwa lita imodzi patsiku, kuphatikiza a m'phala ndi m'tiyi, walowetsa mamiligalamu 3. Uja wa njere ya mpunga m'mawa ndi madzulo walowetsa 0.2. Kusiyana kwake mukukuona nokha. Kumeza mankhwala otsukira mano mopitirira muyezo kungathe kubweretsa timadontho toyera pa mano achikulire, timene nthawi zambiri amationa ndi dokotala yekha atawalitsa nyali, koma mawanga ofiirira okumbika aja gwero lake ndi madzi.

Madzi a pampopi a mu Blantyre ambiri amachokera mu Shire pa Walker's Ferry, ndipo madzi a mumtsinje kawirikawiri amakhala ndi fluoride wochepa. Choncho kunyumba kwanu nkhawa imeneyi ndi yaing'ono. Kukacheza kwa agogo ku Nathenje sabata imodzi kapena ziwiri sikungadetse mano. Koma ngati mudzaganize zomusiya kumeneko miyezi yambiri, kapena kwa owerenga ena amene amakhala m'madera otere, funsani ku ofesi yoona za madzi pa boma ngati mjigo wanu unayezedwapo. Njira ina yachidule ndi kuyang'ana mano a ana a pulayimale amene anakulira pa mjigo umenewo. Ngati ambiri ali ndi mawanga, yankho mwalipeza. Mijigo iwiri ya m'mudzi umodzi imatha kusiyana kwambiri, ndiye nthawi zina kungosintha kotunga madzi akumwa a mwana n'kokwanira. Madzi a mvula okololedwa mwaukhondo alibe fluoride wambiri. Dziwani kuti kuwiritsa madzi sikuchotsa fluoride, kumangomuwonjezera mphamvu madzi akamaphwera, ndipo klorini naye samuchotsa. M'madera amenewa ndi momwe ndimavomera kukhala pansi ndi kholo n'kukambirana ngati mwana wosakwana zaka 3, wa mano abwinobwino, angayambe ndi mankhwala ofookerapo. Kumeneko a 500 ppm ali ndi malo ake. Kwa mwana wa ku Chilomoni wa timizere toyera, ayi.

Apongozi anu musakangane nawo. Akunena zimene anaona. M'nthawi yawo mwana ankakula ndi phala, mbatata, chinangwa ndi zipatso, shuga ankaoneka mwa apo ndi apo, ndipo mano ambiri ankaguluka ali athunthu. Mwana wa lero akatuluka pakhomo amakumana ndi masiwiti, mabisiketi ndi mafirizesi pa okala iliyonse. N'zoona kuti mano onse 20 oyambawa adzachoka, koma funso ndi lakuti liti. Akutsogolo amayamba kugwedera pa zaka 6 kapena 7. Otafunira akumbuyo amakhala mpaka zaka 10 kapena 12. Mwana wanu ali ndi zaka 2, ndiye ena mwa mano amenewa ayenera kumutumikira zaka zina 8 kapena kuposa. Dzino lowola pa zaka 3 silidikira nthawi yonseyo mwakachetechete. Limapweteka, mwana amakana kutafuna, amasankha zofewa ndi zotsekemera zomwe zimawonjezera vutolo, ndipo ena mpaka sikelo yawo imaima. Mafinya a pa muzu wa dzino loyamba amatha kuwononga dzino lachikulire limene likuumbika pansi pake. Dzino lotafunira likazulidwa msanga, anzake amasendera pampatapo, ndipo lachikulire likamabwera limasowa malo n'kutulukira pambali. Pali chinanso chimene makolo ambiri sachidziwa. Pa zaka 6 kumbuyo kwenikweni kumamera dzino lachikulire popanda lina kuguluka. Likamera m'kamwa modzaza kale ndi mano owola, nalonso limagwidwa msanga, makolo n'kumati ndi la ubwana lidzachoka, pomwe limenelo ndi la moyo wonse.

Ndimakumbukira kamnyamata ka zaka 4 kamene mano ake anayi akutsogolo anangotsala zitsa zakuda. Mayi ake sanali osasamala ayi. Ankamutsuka tsiku lililonse, ndipo ankagula mankhwala odula kwambiri a zitsamba, olembedwa monyadira kuti mulibe fluoride, chifukwa anawerenga pa Facebook kuti fluoride ndi poizoni. Usiku ankamugoneka ndi botolo la tiyi wa mkaka wothira shuga. Titawafotokozera analira, ndipo chimene chinandikhudza n'chakuti anachita zonsezo pofuna kuteteza mwana wawo. Za poizonizo, mchere wa m'ndiwo nawo ungathe kudwalitsa munthu atadya mbale yonse. Nkhani ndi muyezo.

Tsono muzichita motere. Gulani mankhwala olembedwa 1000 ppm kapena kuposa. Omwe banja lonse limatsukira, Colgate kapena ena aliwonse a 1450 ppm, ndi abwino, ndipo simufunika chubu chapadera cha mwana. Pamswachi waung'ono wofewa pakani kochepa ngati njere ya mpunga, n'kukanikizira ndi chala kuti kalowe m'timaubweya, asakanyambite kamodzi n'kamodzi. Akakwanitsa zaka 3 mukweze kufika pa njere ya nandolo, ndipo muyezo umenewo ukhale mpaka zaka 6. Wofinya mankhwala akhale inu kapena wamkulu wina, osati mwana, osatinso mkulu wake. Chubu chizikhala pamwamba posafikira.

Kutsuka kukhale kawiri patsiku, ndipo kwa usiku ndiko kofunika koposa, chifukwa munthu akagona malovu amachepa, dzino limatsala lopanda womuteteza. Akatsuka usiku asadyenso kapena kumwa china kupatula madzi. Mwana wa zaka 2 musamutsuke ataimirira moyang'anana nanu, simuona kanthu ndipo adzakuthawani. Khalani pamphasa kapena pabedi, mumugoneke chagada mutu uli pamiyendo panu. Ndi chala chimodzi kwezani mlomo wam'mwamba, ndipo mswachi uyende timizungulire ting'onoting'ono pomwe dzino lakumana ndi usinini, pa timizere toyera pomwepo. Usinini ukatuluka timagazi masiku oyamba musaleke, n'chizindikiro choti pamenepo panali litsiro, ndipo pakatha sabata imodzi kapena ziwiri zimasiya. Kulira adzalira ndithu. Ndimauza amayi moseka kuti mwana wolira ndiye watsegula pakamwa bwino. Mukamuimbira kanyimbo komweko tsiku lililonse amazolowera. Mulekeni agwire mswachi ayeserere yekha, koma womaliza mukhale inu, mpaka atafika zaka 7 kapena 8. Mwana amene sangathe kuchapa mbale n'kuyera sangathenso kutsuka mano n'kuyera.

Pali chizolowezi chimodzi chimene pafupifupi tonse tinakula nacho, chomwe ndikupemphani musiye. Tikatsuka timachukucha m'kamwa ndi madzi ambiri mpaka kukoma konse kwa mankhwala kutatha. Potero timataya fluoride yemwe amayenera kutsalira pa mano n'kumagwira ntchito usiku wonse. Mwana alavule thovu basi, osachukucha. Poti wanuyo sanadziwe kulavula, mupukuteni thovu lapakamwa ndi kansalu koyera, kotsalako musadandaule nako. Muzilavula inu iye akuona, posachedwa adzayamba kutsanzira, ndipo ana amakukonda kulavulako.

Mankhwala okha sangapambane ngati shuga akulowa tsiku lonse. Choopsa kwambiri si kuchuluka kwa shuga pa nthawi imodzi, koma kubwerezabwereza. Mwana amene wadya bisiketi pamodzi ndi chakudya cha masana, mano ake akumana ndi asidi kamodzi. Amene akuyenda ndi kabotolo ka Sobo n'kumapsontha pang'onopang'ono kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mano ake akhala mu asidi tsiku lonse osapuma. Ndiye zotsekemera zikhale pa nthawi ya chakudya, ndipo pakati pake akhale madzi, nthochi, papaya, mbatata, dzira kapena chiponde chosathira shuga. M'phala yambani kuchepetsa shuga pang'onopang'ono, nsinjiro zimakometsa mokwanira. Maheu ogula, yogati wotsekemera ndi majuwisi a m'mapaketi ambiri ali ndi shuga wochuluka ngakhale amaoneka ngati chakudya chabwino. Botolo la usiku likhale la madzi okha, kapena lichokeretu, pa zaka 2 mwana amamwera bwino m'kapu. Mankhwala a madzi a chifuwa ndi a malungo ambiri amathiridwa shuga, choncho mukamumwetsa usiku mupatseniko madzi pambuyo pake. Uzaninso aliyense amene amatsala ndi mwanayo masana, chifukwa kawirikawiri switi yomutonthozera imachokera kumeneko.

Kwa amayi amene akuyamwitsabe, pitirizani, bere ndi labwino ndipo achipatala timalimbikitsa mpaka zaka 2 kapena kupitirira. Kungoti mwana akapitirira chaka, mano atamera, kugona bere lili m'kamwa usiku wonse kumawonjezera chiopsezo, makamaka ngati masana akudyanso za shuga. Mutsukeni asanagone ndipo yesetsani kuchepetsa kuyamwa kwa pakati pa usiku. Kumutafunira chakudya ndi kunyambita supuni yake kumasamutsa tizilombo ta m'kamwa mwanu kupita mwa iye, ndiye ngati inuyo muli ndi dzino lobooka, kalikonzetseni.

Pogula, tembenuzani chubu muwerenge timalemba tating'ono takumbuyo. Ena salemba ppm, amalemba maperesenti. Sodium fluoride 0.22% ndi 1000 ppm, ndipo 0.32% ndi 1450 ppm. Sodium monofluorophosphate 0.76% ndi 1000 ppm. Mukapanda kuona mawu oti fluoride paliponse, bwezerani pashelefu, kaya chubucho n'chokongola bwanji. Onaninso tsiku lothera ntchito, ndipo pewani machubu amene akhala akuwambidwa padzuwa pamsika kwa miyezi, chifukwa m'mankhwala ena fluoride amafooka akakhalitsa pamalo otentha. Ngati mwana akukana a akuluakulu poti amawawa pakamwa, alipo a ana osawawa koma a 1000 ppm, muwerenge nambala osati chithunzi. Makala, phulusa ndi mchere zimakwecha dzino koma sizilimbitsa, ndipo pa mano a mwana zimangoperesa chikuto chopyapyala chija. Mswachi wa mtengo umachotsa litsiro ndithu, koma sulowa m'malo mwa mankhwala a fluoride.

Tsiku lina mukadzapeza mwana wafinyira m'kamwa gawo lalikulu la chubu, mumwetseni mkaka, chifukwa umagwira fluoride m'mimba, ndipo mupite naye kuchipatala mutatenga chubucho kuti akaone mphamvu yake ndi kuchuluka kwa zomwe zatha. Musamukakamize kusanza. Kunyambita pang'ono sikuvulaza, mwina m'mimba mungangopotokola.

Kuchipatala cha mano pitani m'masabata awiri kapena atatu akubwerawa, musadikire kuti adandaule kupweteka. Ku Queens kuli gawo la mano, ndipo zipatala zambiri za m'maboma zili ndi ogwira ntchito za mano. Mukafunse ngati ali ndi vanishi wa fluoride. Ameneyu ndi wamphamvu kwambiri, 22,600 ppm, amapakidwa pang'ono ndi kaburashi, amauma msanga, sapweteka, ndipo amabwerezedwa pakatha miyezi 3 mpaka 6. Pa timizere ngati ta mwana wanu amathandiza kwambiri. Ngati pena pabooka kale, pali mankhwala ena a madzi otchedwa silver diamine fluoride amene amaimitsa kuwola popanda kuboola dzino ndi makina, kungoti pamalo powolapo pamada bii mpaka dzinolo lidzaguluke, choncho pa mano akutsogolo muyambe mwakambirana. Palinso zomatira zotchedwa glass ionomer zimene zimaikidwa ndi zida za pamanja. Si chipatala chilichonse chimene chimakhala ndi zonsezi nthawi zonse, koma kufunsa kumathandiza kuti musangouzidwa zozula.

Zina sizidikira sabata. Mukaona kachotupa pa usinini kotuluka mafinya, kapena mwana akudzuka usiku ndi ululu wa dzino, pitani mawa lake. Tsaya likatupa, thupi likatentha, kutupa kukayamba kukwera cha ku diso kapena kutsikira kukhosi, kapena akamavutika kumeza ndi kutsegula pakamwa, nyamukani nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku. Podikira mungamupatse panado wa ana pamuyezo wa msinkhu wake. Aspirin musamupatse ndipo musamuike pa dzino, amawotcha usinini. Ndaonapo m'kamwa mwa ana mopsa ndi zinthu zimene anthu anadonthezera pa dzino pofuna kupha kachilombo kamene amati kamakhala m'katimo. Mulibe mphutsi m'dzino, ndi mtsempha umene watupa.

Popita kuchipatalako tengani mswachi wake ndi machubu onse awiri, chakale ndi chatsopano, kuti akakuonetseni muyezo ndi maso. Chakalecho musachite kudikira kuti chithe, sinthani lero. Ndipo madzulo ano, mukamugoneka pamiyendo, pukutani mano akutsogolowo ndi kansalu kuti aume, muwajambule ndi foni powala bwino. Muzijambulanso mwezi uliwonse. Timizereto mwina sitidzatheratu, koma tikayamba kunyezimira n'kusalala ndiye kuti dzino likulimba. Tikamakhakhala, kukula, kapena kusanduka tachikasu, bwererani kwa dokotala tsiku limene anakupatsani lisanakwane.